Zikwangwani za M'dimba la Bambo

6 Epulo

Wokondedwa mlamu wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kutsidya kumeneko ndipo chisanu chakulekani. Kuno tonse tili bwino. Achimwene anu akungonenepa, lamba wafika pabowo lomaliza, ana nawonso sukulu ikuyenda. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni achimwene anu amandilanda ndisanamalize ndi moni womwe, ndiye nkhani iyi si yokamba munthu atakuimirira pamsana.

Nkhani ndi ya Bambo. Musadzidzimuke, sakudwala, akudya bwino kuposa ine. Koma dimba lija la kuseri kwa nyumba simungalizindikire. Loweruka ndinapita kukawachapira, ndipo ndinawapeza khasu lili m'manja, akuzula maluwa a rozi a malemu Amayi. Inde, omwe aja a m'mbali mwa njira yopita kumpopi, amene Amayi ankatikalipira tikangoyanika nsalu pafupi nawo. Ndinaima ndi beseni langa kukamwa kuli yasa. Ndinati, "Bambo, maluwa alakwanji?" Iwo osatembenuka n'komwe anati, "Ali ndi minga, mayi." Ine ndinati, "Mingayo yamera lero?" Anangoseka n'kupitiriza kukumba.

Sakuwataya ayi. Akuzula ndi dothi lake lomwe, kuika m'matumba a simenti, n'kumagawira anthu. ATelala a kuseri kwa mpanda alandira ambiri, mayi wa pasaluni walandira, ngakhale ine andipatsa awiri oti ndikaike pakhonde lathu la m'mwamba lija loti ngakhale mpando sukwana bwino. Aliyense akumupatsa ndi malangizo omwe, za kathiridwe ndi kadulidwe, ngati akupereka mwana kusukulu yogonera komweko.

Si zokhazo. Atolera matayala akale kwa anzawo a kudepoti aja ankayendetsa nawo mabasi. Akuwasanjikiza mpaka kufika m'chiuno, n'kudzazamo dothi ndi manyowa. Akuti nkhalamba siyenera kuwerama ngati ikupepesa kabichi. Apa pokha ndawagonjera, chifukwa mbande za m'matayalamo zakondwa zedi, ndipo munthu umathirira utaimirira ngati bwana. Ndinawaona akukankha wilibala yodzaza kuchokera kugeti mpaka kuseri osapumira, ine n'kuchita manyazi ndi msana wangawu umene ndimadandaula nawo tsiku lililonse.

Koma za maluwa zija zandikhala pamtima, ndiye ndati ndikuuzeni ndekha musadzamvere kwa ena. Achimwene anu ndawauza, angoti, "Asiyeni, bola akutanganidwa."

Tilembereni za kumeneko. Ndipo nsapato zija munalonjeza musaiwale, phazi langa silinasinthe.

Ndine,
Mlamu wanu

2 Meyi

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wochokera kwa mzime wanu. Muli bwanji? Bondo lija likuvutabe? Ine ndili bwino, ntchito ndi yomwe ija yosamalira okalamba. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwapesa, ndipo aliyense ndikamamumanga mabatani ndimaganiza za inu.

Bambo, makalata anga bwanji simukuyankha? Inu amene munkandilembera masamba ndi masamba, kundiuza ngakhale za nyerere zimene zalowa m'shuga! Pafoni mumangoti "tili bwino, usawononge ndalama," n'kudula. Ngati ndinakulakwirani ndiuzeni, ine ndine mwana.

Ndamva za maluwa a Amayi. Sindikubisirani, ndinalira m'basi anthu akundiyang'ana. Mukukumbukira kuti rozi wofiira uja Amayi anabwera naye ali kamtengo chabe, atakakulunga m'nyuzipepala yonyowa? Munawaseka kuti akubzala nkhuni. Chaka chotsatira ndinu amene munkaitana anthu odutsa mumsewu kuti adzaone. Amayi atatisiya, tsiku limene ndinkanyamuka, munandilonjeza pageti kuti maluwa amenewo simudzawalola kufota. Ndiye lero akhala bwanji a aTelala?

Sindikukana, dimba ndi lanu, ndipo mumsewu wonsewo palibe munthu wa dzanja lobereka ngati lanu. Kuno ndimadzitama nanu. Pali agogo ena amene ndimawasamalira, ali ndi kamphika kamodzi ka duwa pawindo, ndipo ndikawauza za mapapaya anu ndi mandimu anu othyola nthambi amati ndikuwanamiza. Ine ndikungofuna kumvetsa basi. Ndilembereni, ngakhale mizere iwiri.

Mwana wanu,
Mzime

14 Juni

Mlamu,

Moni kumeneko. Nsapato zafika, zikomo kwambiri, anzanga kuntchito asiya kundiyang'ana kumaso, akungoyang'ana pansi. Koma mtima wanga suli m'malo.

Kalata yanu ndinawapatsa ndekha m'manja. Anaisisita, anainunkhiza, n'kuiika m'thumba la malaya, amvekere, "Ndiwerenga mutu ukapola." Sabata yotsatira ndikuchapa malaya omwewo ndinaipeza momwemo, yosatsegula. Zinzake zija zili m'chitini cha mabisiketi, nazonso zomata.

Ndiye pali zina. Mayi wa pasaluni akudandaula kuti anakumana nawo pageti, iye ataima chapambali, Bambo n'kungomudutsa ngati mtengo wa magetsi. Bambo amene amapereka moni ndi kwa agalu omwe! Tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu, tebulo lonse kunyowa, n'kunamizira ketulo. Pachipumi ali ndi chotupa, akuti chitseko cha kabati chinawayamba dala.

Kudimbako ndiye kwasanduka zina. Njira yopita kumpopi athiramo timiyala, yopita kumatayala ayalamo njerwa, yopita kudzenje la manyowa athiramo utuchi wa kwa kalipentala. Pokhota paliponse abzalapo chonunkhira: udzu wa mandimu pampopi, minti pasitepe ya kukhitchini, adyo poyambira masamba, mpungabwi pafupi ndi dzenje. Mumtengo wa gwafa apachikamo zitini ndi masipuni akale, mphepo ikawomba ndi ngwengwengwe tsiku lonse. Ndinafunsa ngati n'zoopsezera mbalame. Anati, "Ndi zikwangwani." Ndinati, "Zikwangwani zopanda malemba, Bambo?" Anati, "Dalaiva wabwino amaloweza msewu kunja kukadawala." Ine sindinatolepo kanthu.

Kunena zoona n'kokongola, mlamu. Mizere yake ndi yowongoka, ndipo simungapezemo udzu ngakhale wotokosera m'mano. Anthu opita kuntchito amaima pampanda kumangoyang'ana. ATelala akuti tisawavutitse, galu wamkota sakandira pachabe. Ndinawauza kuti apongozi anga asawatchule galu, koma mawuwo ndinawasunga.

Achimwene anu aja ankati asiyeni asintha nyimbo. Akuti mutu wa Bambo wayamba kusokonekera ndipo sangakhalenso okha. Akufuna tiwatenge tizikhala nawo kuno kufulati, ana azigona pabalaza, m'nyumba mwawomo tiikemo anthu a lendi. Akuti mawu omaliza ndi anu, poti ndinu mumadziwa za okalamba. Ine ndilibe mawu, ndine wobwera. Koma Bambo m'mwamba muno, mopanda ndi dothi lodzaza supuni lomwe, ine sindikuwaonamo.

Yankhani msanga.

Mlamu wanu

9 Julayi

Mlamu wanga wokondedwa,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Zikomo chifukwa chosamalira Bambo ngati okuberekani. Musadzanenenso kuti ndinu wobwera. Amene akuchapa malaya ndiye mwana.

Zimene mwalembazo ndimaziona tsiku ndi tsiku kuntchito. Zimayamba choncho: kusazindikira anthu, kutaya zinthu zimene munthu ankazikonda, kukangalika ndi ntchito zosamveka mutu wake. Kenako tsiku lina amatuluka pageti osadziwanso njira yobwerera. Tinali ndi agogo ena kuno, mphunzitsi wopuma, anakapezeka kusiteshoni atavala zogonera, akuti akudikira ana a sukulu. Sindikufuna Bambo adzapezeke choncho, kapena adzagwe pakati pa matayala awowo popanda womva kuitana kwawo.

Ndiye auzeni achimwene kuti ndavomera. Akawatenge mwezi uno ukatha. Koma ndikudziwa kuti mtengo waukulu ukauzula sugwira pena. Paja chisiyireni mabasi sanagonepo osagwira dothi. Ngakhale tsiku la ukwati wanu, mukukumbukira, tinawadikira m'galimoto iwo akuthirira anyezi atavala suti.

Muwanyengerere, musawakoke. Muwatengere matayala angapo muike pakhonde, abzalemo chilichonse chimene angafune. Khasu lawo laling'ono lija musalisiye ngakhale alibe polimira. Ndipo mukafika nawo mupite nawo kuchipatala akawapime bwinobwino, mutu ndi thupi lonse.

Musawauze kuti mawu omaliza anali anga. Kapena auzeni, kaya. Sindikudziwanso chabwino n'chiti.

Mlamu wanu wa kutali

3 Ogasiti

Mlamu,

Khalani pansi musanawerenge. Ayi, si zovuta. Bambo ali bwino, ndipo ali kwawo.

Loweruka tinapita ndi kalole ka mnzawo wa achimwene anu. Tinawapeza atakhala pakhonde, atavala jekete yawo ya kumabasi ija, nsapato zikuwala. Kaya anawatsina khutu ndani, ine ndikukayikira aTelala. Achimwene anu anayamba kuzungulirazungulira, za adzukulu amene akuwasowa, za chipatala chimene chili pafupi ndi kwathu. Bambo anawadula. "Lole ndaimva. Koma munthu samulanda laisensi asanamuyese. Ndiyeseni kaye. Ndikalephera ndikwera ndekha, simuchita kundinyamula."

Kenako anatiuza. Mlamu, si mutu ayi. Ndi maso. Chaka chatha anapita okha kuchipatala cha maso osauza munthu. Adokotala anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, koma mitsempha ya maso ikufa pang'onopang'ono, ndipo mankhwala odontheza amene anawapatsa amangochedwetsa. Panopa akuti amaona ngati munthu wosuzumira m'paipi, patsogolo pang'ono, m'mbali monse mdima. Mayi wa pasaluni uja sanamuone n'komwe. Makalata anu akuti zilembo zimasambira, ndipo sanafune kupempha munthu kuti awawerengere poopa kuti tidziwa n'kubwera ndi lole. Nanga ananama? Si iyo tinabwera nayo.

Anandipempha mpango wanga wa kumutu kuti ndiwamange m'maso. "Mumange zolimba, mayi, musandikondere." Ndinamanga. Anatenga mpini wakale wa khasu m'dzanja limodzi, keni yothirira m'dzanja linalo.

Ndikanakonda mukanaona nokha. Anatsika sitepe, anakoka mpweya, amvekere, "Minti. Tanyamuka." Anaponda timiyala tija, tikulira kuphazi, mpaka mwendo wawo unakhudza udzu wa mandimu. "Siteji yoyamba." Anatsegula mpopi n'kutchera khutu, ndipo anatseka madzi atangotsala pang'ono kusefukira. Anakhotera panjerwa, akuthirira n'kumatchula: uyu tomato, uyu tsabola, uyu kabichi ndipo ali ndi mlendo. Anapisa zala m'masamba n'kutulutsadi mbozi, n'kuiponyera kuseri kwa mpanda kumene aTelala ankaonerera. Mphepo itawomba zitini zinalira, iwo n'kuloza ndi mpini, "Gwafa ali uko, ndiye kuti geti lili kumbuyo kwangaku." Phazi litaponda utuchi anaima nji. "Uku ndi kudzenje, basi sifika."

Achimwene anu anafuna kuwachenjerera. Ananyamula ndowa mwakachetechete n'kuiika pakati pa njira. Ine ndinatsala pang'ono kukuwa. Bambo anaigunda ndi mpini, anaima, n'kunena kuti, "Amene waimika galimoto pakati pa msewu achotse ndisanamuitanire apolisi." ATelala anaseka mpaka kutsamwa.

Pomaliza anatitsogolera kuseri kwa mtengo wa mandimu, kumene ine ndinkayesa kuti amangosungirako matabwa. Mlamu, akhomako benchi. Ndipo pambali pake pali rozi wofiira uja, wa m'nyuzipepala. Sanamupereke kwa munthu. Anamusamutsira pamene sangamugunde ndi mwendo, koma fungo lake limafika pabenchipo. Anakhala pansi, anapumira m'mwamba, anati, "Depoti. Pano ndi pamene ndimazimitsa injini n'kumacheza ndi mayi anu." Kenako anati, "Enawo ndinagawa dala. Duwa lofuna maso lipite kwa amene ali ndi maso. Ndikanawasunga ndikanamawaponda, n'kumawadula molakwika, mpaka akanafera m'manja mwanga."

Anamasula mpango uja n'kufunsa, "Ndakhoza?" Achimwene anu analunjika kugeti. Anapita kukauza mwini lole kuti azipita, ndipo anachedwa kubwerako. Anabwera maso ali psuu, akuti ndi utsi wa galimoto.

Tagwirizana chonchi. Ine ndizidzera m'mawa popita kuntchito kudzawadontheza mankhwala, aTelala azisuzumira madzulo, achimwene anu akhoma zitsulo zogwirira kubafa ndi pasitepe. Kuchipatala tizipita nawo limodzi, zopita okha mobisa zatha. Makalata anu onse ndawawerengera pabenchi pomwepo. Ya maluwa ija anati ndibwereze.

Anthu olimba mtima ndawaonapo, mlamu, koma wokonzekera mdima ndi wilibala ndinali ndisanamuone. Ndinakwatiwa pabanja pa anthu.

Mlamu wanu

20 Ogasiti

Bambo anga,

Mlamu, muwerenge pang'onopang'ono, ndipo mukhale nawo pabenchi.

Bambo, muli bwanji? Ine ndili bwino ngakhale maso atupa. Amene ndinati lole ibwere ndine, musawakwiyire achimwene okha. Anali mantha, Bambo, sikuti ndinatopa nanu.

Koma nanunso! Chaka chathunthu kusenza zimenezi nokha, ana muli nawo? Mukanandiuza ndikanakutumizirani kalekale galasi lokulitsa zilembo. Ndalitumiza tsopano, pamodzi ndi mapeni akuda olemba zonenepa ndi magolovesi a m'dimba. Mankhwala musadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Apa sindikupempha, ndikulamula monga mwini ntchito.

Ndawauza anzanga kuntchito za zikwangwani zanu. Poyamba sanakhulupirire, kenako abwana athu anati tiyese kuika miphika ya minti pakhomo la chipinda chodyera, chifukwa tili ndi agogo awiri osaona amene amasochera m'makonde. Dzulo mmodzi wafika yekha patebulo, akununkhiza ngati inu. Ndiye dziwani kuti mwayamba kuphunzitsa anthu kutsidya lino muli khale pabenchi panu.

Ndiuzeni chimene mukusowa. Chilichonse, musaope mtengo wake. Tchuthi ndikuganiza zodzatenga chaka chamawa chikamatha, ntchito ikadzachepako.

Mwana wanu wonyadira,
Mzime

11 Seputembala

Mzime,

Ndalemba ndekha ndi peni yako. Zilembo zakula ngati za pabasi, usaseke. Mizere ikatsetsereka uitsatire komweko.

Ndili bwino. Tomato wapsa. ATelala athyolako, akuganiza kuti sindinaone. Sindinaonedi, koma zala zinandiuza. Magolovesi ndi abwino koma sindikuvala, akunditseka maso a m'manja. Ndawapatsa alamu ako. Amenewo ndi munthu, uziwalemekeza, ngakhale amathira mankhwala m'maso ngati akuthirira kabichi.

Za lole usadandaule. Ndikanakhala iwe, inenso ndikanaitumiza. Ndinabisa chifukwa ndinkafuna mudzapeze msewu nditaumaliza. Nkhalamba ikapempha kukhala pakhomo pake ili chimanjamanja, ana amaikonda mpaka kuinyamula.

Wafunsa chimene ndikusowa. Mpopi ndaupeza. Geti ndalipeza. Mayi ako ndawapeza. Chilichonse pakhomo pano ndachiikira chikwangwani, ndipo mdima ukadzafika udzandipeza ndili pantchito. Koma chilipo chimodzi chimene ndalephera kuchibzalira minti. Ndi nkhope yako. Imene ndili nayo m'mutu ndi ya tsiku lija pageti, uli ndi chikwama m'manja, ndipo yayamba kufufutika.

Adokotala akuti paipi ija ikunka nichepa. Za kumapeto kwa chaka chamawa sakulonjeza. Usatumizenso kanthu. Bwera wekha mvula isanagwe, udzakhale pabenchi mbali ya kudzuwa, ndidzakuyang'ane bwinobwino mpaka ndikuloweze.

Ndine,
Bambo ako